Makina Opumira Mankhwala ndi Morphine: Mawu a Namwino pa Msonkhano wa Zaumoyo

M'munsimu muli mawu amene namwino wamkulu wa pachipatala cha msasa wathu anayankhula pa msonkhano wa zaumoyo wa mwezi uno. Tawasindikiza onse chifukwa anthu ambiri anali kumaganyu tsikulo. Amene mumatha kuwerenga, muwawerengereko agogo ndi anansi anu.

Zikomo a tcheyamani, atsogoleri a zigawo zonse za msasa, akuluakulu a mipingo ndi mizikiti, amayi, abambo, agogo athu, ndi inu achinyamata mwakhala kumbuyoko. Sunthirani kuno pafupi, chifukwa gawo lina la nkhani ya lero ndi lanu.

Patebulo pano ndaika makina amene ambiri mwawaonapo kuchipatala kwathu. Dzina lake ndi nebulaiza. Mwana wa mphumu akabwera akubanika, timamuveka chophimba kukamwa ndi mphuno, makinawa n'kumalira, iye n'kumapuma nkhungu yoyera mpaka chifuwa chitamasuka. Amene munaonapo zimenezi mumawakhulupirira makinawa, ndipo simukulakwitsa.

Chikhulupiriro chimenecho chabala mafunso awiri amene akufika kwa ife. Loyamba likuchokera kwa inu amene mukudwazika matenda. Mukuti, "Sisitala, agogo akubanika usiku wonse. Morphine uja tinalandira kuchipatala, bwanji osangomuthira m'makinamu kuti akafike m'mapapo momwe muli vutomo?" Lachiwiri likuyenda m'manong'onong'o pakati pa anyamata, loti mankhwala a mtundu umenewu ukawapuma ngati nthunzi sakhala oopsa ngati kumwa kapena kubaya. Mafunso onse awiri yankho lake ndi limodzi: musatero. Koma safunsa anadya phula, ndiye popeza mwafunsa, ndifotokoza chifukwa chake bwinobwino.

MMENE MAKINAWA AMAGWIRIRA NTCHITO

Nebulaiza ili ndi mbali zitatu: kainjini kopopa mpweya, kakapu kothiramo mankhwala amadzi, ndi chophimba kumaso. Mpweya ukadutsa mwamphamvu m'kakapumo umaswa madziwo kukhala nkhungu, ngati ija imagona m'dambo m'mawa wa mwezi wa June. Timadontho timene timatha kufika mkati mwa mapapo ndi tochepetsetsa, tosaposa magawo 5 mwa magawo 1,000 a milimita imodzi. Munthu amapuma nkhunguyo kwa mphindi 10 kapena 15.

Mankhwala amene timathiramo kawirikawiri ndi salbutamol. Iye amagwira ntchito pamalo pomwe wagwerapo. Akakhudza timinofu tozungulira njira za mpweya, timinofuto timamasuka, njira n'kutseguka. N'chifukwa chake kumupereka kudzera m'mapapo kuli kwanzeru.

Pali zinthu ziwiri zoti muzidziwe. Choyamba, makinawa si a okosijeni. Amangopopa mpweya womwewu tikupumawu. Chachiwiri, amataya mankhwala ambiri. Pa mankhwala onse othiridwa m'kakapu, amene amafika m'mapapo ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10. Ena amatsalira m'kakapu, ena amamata pachophimba ndi pakhosi, ena amauluka m'chipinda. Kuchuluka kwa ofikawo kumasinthasintha malinga ndi makinawo ndi kapumidwe ka munthuyo. Kwa salbutamol zimenezi sizidetsa nkhawa kwenikweni. Kwa morphine ndi nkhani ya moyo ndi imfa.

MORPHINE NDI ABALE AKE

Morphine amachokera ku utomoni wa duwa lotchedwa poppy. Anamupatula koyamba ndi wosakaniza mankhwala wa ku Germany, Friedrich Sertürner, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800. Banja lake ndi lalikulu, ndipo madokotala amalitcha ma opioid. M'banjamo muli codeine wa m'mankhwala ena a chifuwa, tramadol, pethidine amene amayi ena munabayidwapo pobereka, heroin, ndi fentanyl, amene mphamvu yake imaposa ya morphine ka 50 mpaka ka 100.

Onsewa ntchito yawo yaikulu amakaigwira muubongo ndi mumtsempha waukulu wa m'msana. Kumeneko amachepetsa uthenga wa ululu. Koma kumunsi kwa ubongo kuli kachigawo kena kamene ndikufuna mukaganizire ngati mlonda. Mlonda ameneyu sagona. Usana ndi usiku amayeza mpweya woipa umene uli m'magazi, ndipo ukachuluka amalamula chifuwa kuti chipume. N'chifukwa chake mumapumabe muli m'tulo, osaganizirako.

Ma opioid amawodzeretsa mlondayu. Munthu amene mapapo ake anawonongeka, mlonda wake amakhalira kukuwa, ndipo kukuwako ndi kumene wodwala amamva ngati akumira m'madzi. Morphine wochepa, woyezedwa bwino, amamukhazika mlondayo pansi, wodwala n'kupezako mtendere. Koma mlingo ukapitirira, mlonda amagoneratu. Kupuma kumachedwa, kumafupika, kenako kumaima. Umu ndi mmene mankhwala amenewa amaphera.

Mwaona tsono kusiyana kwake. Salbutamol amatsegula njira za mpweya. Morphine satsegula njira iliyonse. Kaya walowera pakamwa, pajakisoni kapena m'mapapo, ayenera kukafika m'magazi ndi kuubongo, ndipo mlonda amene akukamupeza kumeneko ndi yemweyo.

KODI MADOKOTALA SANAYESEPO?

Anayesapo, ndipo funso lanu lija si lopusa, chifukwa iwonso anaganiza chimodzimodzi. M'zaka za m'ma 1990 madokotala osamalira odwala matenda osachiritsika ankapereka morphine kudzera mu nebulaiza, poyembekeza kuti atonthoza mapapo mwachindunji popanda kugonetsa wodwala. Odwala ena ankanena kuti akumva bwino. Koma pamene anayerekeza mosamala, ena kuwapatsa morphine, ena madzi a mchere okha popanda iwo kudziwa, kusiyana sikunaoneke.

Mu 2016 bungwe la Cochrane, limene limasonkhanitsa ndi kupima kafukufuku wa zachipatala, linaunika kafukufuku 26 wokhudza odwala 526 amene ankabanika ndi matenda aakulu. Linapeza kuti ma opioid akumwa kapena obaya amathandizako kubanika, ngakhale umboni wake sunali wamphamvu kwambiri. Za opumira mu nebulaiza silinapeze umboni woti amathandiza.

M'zipatala zina zikuluzikulu za kunja madokotala amayesabe njirayi pa ululu wadzidzidzi. Koma kumeneko amagwiritsa ntchito mankhwala oyera a jakisoni, mlingo wowerengedwa ndi dokotala, wodwala ali pamakina oyeza kapumidwe, ndipo mankhwala otsitsimutsa ali pambali pa bedi. Zimenezo si za m'nyumba, ndipo kuchipatala kwathu kuno sitichita.

Kuyesera kunyumba kuli ndi ngozi zinayi. Yoyamba, simudziwa mlingo umene walowa. Lero walowa wochepa, inu n'kuona ngati sizinagwire, mawa n'kuwonjezera, ndipo tsikulo n'kulowa wambiri. Yachiwiri, morphine amatha kuchititsa njira za mpweya kufinyika, makamaka kwa munthu wa mphumu, moti amene mumafuna kumumasula mwamutsekereza. Yachitatu, mankhwala akumwa anapangidwira mimba. M'manyuchi a chifuwa muli shuga, utoto, ndipo ena muli mowa. M'mapiritsi muli ufa womatira umene susungunuka. Mimba imadziwa kuzipirira zimenezi ndi kuzitaya, koma mapapo alibe khomo lotayira. Zimatsalira momwemo, n'kuyambitsa kutupa, chibayo ndi zipsera. Yachinayi, nkhungu imene yauluka imapumidwa ndi aliyense ali m'chipindamo, ndipo nyumba zathu mukuzidziwa kuchepa kwake: mwana wagona pamphasa pomwepo. Onjezani apo kuti chophimba chobwerekana chosatsukidwa bwino chimasamutsa majeremusi, ndipo munthu wa chifuwa chachikulu akamapuma nkhungu amatsokomola kwambiri, n'kufalitsa matendawo m'nyumba.

Amene mukuganiza kuti chopumira n'chofewa kuposa chomwera, mvetserani ichi. Mu October 2002 zigawenga zinatsekera anthu mazana ambiri m'nyumba ya zisudzo mumzinda wa Moscow, ku Russia. Asilikali anapopera m'nyumbamo mpweya umene nduna ya zaumoyo ya dzikolo inanena kuti unachokera ku fentanyl, pofuna kugonetsa zigawengazo. Anthu ogwidwawo pafupifupi 130 anamwalira, ambiri chifukwa cha mpweyawo. Palibe anamwa, palibe anabayidwa. Anangopuma.

AGOGO AKAMABANIKA TICHITE CHIYANI?

Kubanika si nkhani yachilendo kwa ife, ndipo mbiri yathu ikufotokoza chifukwa chake. Makolo athu anachoka ku Nyasaland, ku Tete ndi ku Fort Jameson, ena wapansi, ena kudzera kwa Mthandizi, kudzagwira ntchito m'dera lino pamene Kadoma ankatchedwa Gatooma ndipo Chegutu anali Hartley. Analowa m'migodi ya golide ya Cam and Motor ku Eiffel Flats, Dalny ku Chakari ndi Golden Valley. Ena anagwira m'minda ya thonje ya kuno ku Sanyati ndi m'mafakitale a nsalu. Fumbi la mwala wa golide likalowa m'mapapo silituluka. Limasiya zipsera zimene zimaumitsa mapapo pang'onopang'ono, matenda amene masiku ano timati silicosis ndipo m'migodi kale ankati phthisis. Matendawa alibe mankhwala ochiritsa, ndipo munthu amene ali nawo amagwidwa msanga ndi chifuwa chachikulu, pafupifupi katatu kuposa mnzake. Lero ana athu amene akuchita chikorokoza, kuboola mwala wouma popanda madzi kapena chotchinga kumphuno, akutola fumbi lomwelo, ndipo ena amayamba kubanika akadali anyamata.

Chinthu choyamba tsono ndi kudziwa chimene chikubanikitsa munthuyo. Musathamangire kunena kuti ndi ukalamba kapena ndi fumbi lakale. Chikhoza kukhala chifuwa chachikulu, chimene chimachira ndi mankhwala a miyezi 6 operekedwa ulere m'zipatala za boma. Akhoza kukhala mtima, kuchepa kwa magazi, mphumu, kapena madzi m'chifuwa, ndipo zonsezi zili ndi chithandizo chake. Bwerani naye. Tiyeza makhololo, ndipo pofunika kujambula chifuwa tikulemberani kalata ya ku Sanyati Baptist Hospital, ku Kadoma General Hospital kapena ku Chegutu District Hospital. Amene anagwirapo ntchito mumgodi wolembetsedwa, sungani mapepala ake a ntchito, chifukwa dziko lino lili ndi lamulo la matenda a fumbi, Pneumoconiosis Act, ndipo nkhani za chipukuta misozi zimayendera ku NSSA.

Ngati ndi mphumu, dziwani kuti kapampu kam'manja kamagwira ntchito bwino ngati nebulaiza kakagwiritsidwa ntchito moyenera, ndipo sikadikira magetsi. Mu 1999 dokotala wa ana wa ku Cape Town, Heather Zar, ndi anzake anasonyeza kuti botolo la pulasitiki la mamililita 500, lobooledwa kumunsi kuti kapampu kalowe, limathandiza mwana kupuma mankhwalawo mofanana ndi chipangizo chogula. Bwerani ndi botolo loyera, tidzakukonzerani ndi kukuphunzitsani.

Koma pali odwala ena amene zonse zotheka zachitidwa, matenda afika patali, kaya ndi khansa, mtima kapena mapapo otheratu, ndipo kubanika kapena ululu sizikuchoka. Apa ndi pamene dokotala amalemba morphine wakumwa. Ndikudziwa kuti ambiri mumamuopa, mumati ndi mankhwala omalizitsa munthu. Si choncho. Morphine ali pamndandanda wa mankhwala ofunikira kwambiri wa bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO. Dziko lino ndi limene linatsegula hosipisi yoyamba mu Africa, Island Hospice, ku Harare mu 1979. Ku Uganda, Dr Anne Merriman anayambitsa Hospice Africa Uganda mu 1993 ndipo anafalitsa morphine wamadzi wotsika mtengo woti wodwala azimwera kunyumba. Kwathu ku Malawi ntchito yomweyi ikuchitika ku Tiyanjane, pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ndi ku Ndi Moyo ku Salima. Wodwala akayamba ndi mlingo wochepa, n'kumaukweza pang'onopang'ono motsogozedwa ndi achipatala, amatha kugona, kudya ndi kucheza ndi adzukulu ake. Kumumana mankhwalawa chifukwa cha mantha ndi kumusiya pamoto.

Mukalandira botolo la morphine, malamulo ake ndi awa. Amwe pakamwa basi. Yezani ndi sirinji kapena kakapu kamene takupatsani, osati sipuni ya tiyi. Tsatirani nthawi zolembedwa, ndipo lembani m'kope nthawi iliyonse imene mwapereka, kuti mlamu wanu akabwera kudzakulandirani asapereke kachiwiri. Mlingo musausinthe nokha. Ngati sukukwanira, tiuzeni. Morphine amadzimbiritsa pafupifupi aliyense, choncho mankhwala ofewetsa m'mimba amwedwe limodzi naye. Nseru ndi tulo ta masiku oyamba nthawi zambiri zimatha zokha. Wodwala asamwe mowa. Tiuzeni mankhwala ena onse amene akumwa, makamaka a chifuwa chachikulu ndi ogonetsa. Botolo likhale m'bokosi lokhoma, kiyi asunge munthu mmodzi. Wodwala akatisiya kapena mankhwala akasinthidwa, otsala abwerere kuchipatala. Musasungire wina, musagawire mnansi wa dzino lowawa.

Palinso zinthu zosafuna ndalama zimene zimachepetsa kubanika. Mukhazikeni wodwala, asagone chagada. Atsamire kutsogolo, mikono ili pampando kapena pamtolo wa zofunda. Mukupizeni kumaso ndi katoni kapena lichero, chifukwa kamphepo kozizira kokhudza masaya ndi mphuno kamachepetsa kumva kubanika. Tsegulani chitseko. Mbaula ndi utsi wa nkhuni zikhale panja. Muphunzitseni kukoka mpweya ndi mphuno n'kuutulutsa pang'onopang'ono milomo atayisongola ngati akuziziritsa phala. Ndipo khalani naye, mumugwire dzanja, muyankhule modekha. Mantha amawonjezera kubanika, kubanika n'kuwonjezera mantha, ndipo munthu wodekha pambali amadula chingwe chimenecho.

KWA INU ACHINYAMATA

Tsopano ndikuyankhula ndi inu ana anga. Mabotolo a bronco timawaona m'ngalande ku Kadoma, ku Chegutu ndi m'misika ya kumigodi. BronCleer ndi mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine, ndipo amalowa m'dziko muno mozemba kuchokera ku South Africa. Codeine akafika m'chiwindi, gawo lina limasanduka morphine. Wakumwa bronco akumwa morphine wobisala m'shuga. Chikomekome cha nkhuyu, mkati muli nyerere. Ziwindi zathu sizifanana: za anthu ena zimasandutsa codeine mwachangu kwambiri, moti mlingo umene mnzako wangodzandira nawo, iwe ukhoza kukugoneka osadzukanso. Pa chifukwa chomwechi codeine sapatsidwa kwa mwana wosakwana zaka 12 kapena kwa mayi woyamwitsa. Amayi, mwana akamatsokomola musamugulire manyuchi a pamsika.

Chinyengo choti awa ndi mankhwala a chifuwa chabe n'chakale. Mu 1898 kampani ya Bayer ya ku Germany inayamba kugulitsa heroin ngati mankhwala a chifuwa, ndipo panapita zaka anthu asanavomereze kuti amamanga munthu ukapolo. Mu 2018 boma la Nigeria linaletsa kupanga ndi kuitanitsa manyuchi a chifuwa okhala ndi codeine, BBC itaonetsa mmene achinyamata a kumeneko ankathera.

Amene munakhalako ku Joni mukuidziwa nyaope, ena amati whoonga. Ndi heroin wosakaniza ndi chamba ndi zinyalala zina, ndipo amasuta. Amene amasuta amanena zomwe zija, kuti ife sitibaya, tilibe vuto. Koma chinthu cholowera m'mapapo chimafika kuubongo m'masekondi ochepa, ndipo chofika msanga chimakola msanga. Madokotala aona osuta heroin akugwidwa ndi mphumu yoopsa mpaka kufa, ndiponso mapapo awo akutha adakali ndi zaka zochepa. Mu 1982 madokotala a ku Amsterdam analemba za matenda oonongeka ubongo pakati pa anthu opuma utsi wa heroin. Ena anafa, ena anatsala olumala. Bungwe la WHO linawerengera kuti mu 2019 anthu pafupifupi 125,000 padziko lonse anafa chifukwa chopyola mlingo wa ma opioid. Ngozi imakula kwambiri munthu akaphatikiza ndi kachasu, mowa wina uliwonse, kapena mapiritsi ogonetsa monga diazepam, chifukwa onsewa amakankhira mlonda uja kutulo.

Palinso lamulo. Mankhwalawa amayang'aniridwa ndi Dangerous Drugs Act ndi bungwe la MCAZ, ndipo mu June 2024 boma linakhazikitsa ndondomeko ya 2024 mpaka 2030 yolimbana ndi mankhwala ozunguza bongo. Kupezeka nawo popanda chilolezo kapena kugulitsa ndi mlandu. Kwa munthu wa mumsasa, mlandu sumathera kukhoti. Ukhoza kusokoneza mapepala amene banja lonse lakhala likudikira kwa zaka.

Sindikunena izi kuti ndikunyozeni. Ndikudziwa chimene chimamukankhira mnyamata ku botolo: kukhala osagwira ntchito, kudikira kosatha, msana wowawa ndi matumba a miyala, mantha olowa m'dzenje, ndi zimene maso anaona kumene tinachokera. Amene wakodwa kale ndi wodwala, ndipo khomo lathu ndi lotsegula. Zimene mutiuze m'chipinda choyezera timazisunga mwachinsinsi. Posiya, thupi limawawa, munthu amatsegula m'mimba, amatuluka thukuta, amayasamula, tulo osabwera. Zimafika pachimake patsiku lachiwiri kapena lachitatu, ndipo zambiri zimatha pakadutsa sabata imodzi kapena masiku 10. Tili ndi njira zochepetsera mavutowo, ndipo ofunika chithandizo chachikulu timawatumiza kwa madokotala a maganizo. Mayi woyembekezera asasiye mwadzidzidzi payekha, abwere kaye. Kulankhula ndi munthu wophunzitsidwa kumathandizanso. Ndi nzeru imene Dr Dixon Chibanda anayambira Friendship Bench ku Harare, kumene agogo aakazi amakhala pabenchi kumvetsera a mtima wolemedwa.

Chenjezo limodzi lalikulu: munthu akasiya kwa masabata angapo, kaya anali m'chipatala kapena m'ndende, thupi limaiwala chizolowezi chija. Akabwerera pamlingo wakale tsiku loyamba, mlingo umenewo ukhoza kumupha. Makolo, nthawi imeneyo ndi yofunika kumuyang'anira kwambiri.

MUKAMUPEZA MUNTHU WAPYOLA MLINGO

Ichi aliyense achisunge pamtima, chifukwa wofika poyamba si namwino, ndi inuyo. Zizindikiro zazikulu ndi zitatu: sakudzuka, akupuma mochedwa kwambiri kapena sakupuma, ndipo timwana ta maso tachepa ngati nsonga ya singano. Munthu wamkulu wabwinobwino amapuma ka 12 mpaka ka 20 pamphindi. Mukawerenga n'kupeza kosakwana ka 10, ndi ngozi. Yang'anani mkati mwa milomo, lilime ndi zikhadabo. Zikatuwa kapena kuda, mpweya wachepa. Nkonono wachilendo, wonga wa munthu wotsamwa, si tulo tabwino.

Muitaneni dzina mokweza, mumugwedeze, mumutikite mwamphamvu pafupa la pachifuwa ndi mfundo za zala. Akapanda kuyankha, tumani munthu athamangire kuchipatala nthawi yomweyo, usiku kapena usana. Mugonekeni chagada, mupendeketse mutu chakumbuyo, mukweze chibwano, muchotse zili m'kamwa. Ngati sakupuma mokwanira, mutsineni mphuno, mumuuzire mpweya pakamwa kamodzi pa masekondi 5 aliwonse, mukuona chifuwa chikukwera. Akayamba kupuma yekha, mugonekeni chammbali kuti akasanza asatsamwe, ndipo musamusiye yekha.

Musamumwetse mkaka, madzi a mchere kapena tiyi, chifukwa zilowa m'mapapo. Musamuthire madzi ozizira. Musanene kuti msiyeni agone, adzuka mawa. Botolo kapena mapiritsi amene mwapeza pambali pake mubwere nawo. Musabise chifukwa cha manyazi, chifukwa zimatithandiza kudziwa chochita.

Pali mankhwala otchedwa naloxone amene amachotsa ma opioid pamalo pamene agwira muubongo, ndipo munthu amatha kuyambanso kupuma m'mphindi zochepa. Koma mphamvu yake imatha pakati pa mphindi 30 ndi 90, pamene mankhwala ena aja akadali m'thupi. Choncho ngakhale munthu atadzuka n'kunena kuti ali bwino, akhale m'manja mwa achipatala mpaka iwo atamulola kupita.

ZOPEMPHA ZANGA

Ndimalize ndi zopempha zinayi. Kwa amene muli ndi nebulaiza kunyumba, yogula kapena yotumiziridwa ndi abale a ku Joni: muzithiramo mankhwala okhawo amene achipatala alembera makinawo, muzitsuka kakapu ndi chophimba mukatha kugwiritsa ntchito n'kuziumitsa, ndipo musabwereketse. Kwa amene mukudwazika: bwerani ndi wodwala wanu ayezedwe, ndipo akapatsidwa morphine musamuope, mumupatse pakamwa, pamlingo wake, panthawi yake. Kwa atsogoleri a zigawo ndi a mipingo ndi mizikiti: banja limene mwana wake wakodwa lisasalidwe, liperekezedwe kuchipatala. Mutu umodzi susenza denga. Kwa achinyamata: mnzanu akakomoka musathawe poopa mafunso. Muuzireni mpweya, wina athamange.

Sabata yamawa, tsiku la sikelo ya ana likatha, tidzaphunzitsa kauziridwe ka mpweya ndi kagonekedwe ka munthu wokomoka. Chigawo chilichonse chitumize anthu awiri, mmodzi akhale wachinyamata. Amene muli ndi funso loti simungafunse pagulu, mundipeza kuchipatala msonkhano ukatha.